Lole ya Lachisanu

Mapu aja Gresham anapatsidwa ndi Mjeremani wina amene ankakonza mapampu a madzi kuminda ya nzimbe ku Dwangwa. Anali mapu a kwawo kwa mzunguyo, kamudzi kakang'ono kotsamira phiri. M'buku la boma munalibe mudzi umenewu, komabe chaka chilichonse Gresham ankapachika mapuwo pabolodi n'kuphunzitsa ana a Sitandade 8 pasukulu ina kufupi ndi Liwaladzi.

Tsiku limenelo, m'chaka cha 1989, anali ataloza kale mtsinje wodula mudziwo pakati, nkhalango ya paini kumtunda ndi madambo odyetsera ng'ombe kumunsi.

"Anthu ake ndi ochepa," anatero. "Onsewo atabwera pamsika wa Dwangwa mungati lero kulibe msika." Ana anaseka. "Nkhalamba n'zambiri kuposa ana. Ena makolo awo anachita kubwera, kuthawa nkhondo. Koma mwini mapuwa anandiuza kuti kumeneko powerenga anthu safunsa kumene agogo ako anachokera. Amafunsa kumene umagona."

Pakhomo panali pataima a Swaibu, mphunzitsi wamkulu, ndi a Filipo, wapampando wa chipani m'deralo. Sanadikire kuti phunziro lithe.

"Aphunzitsi, lole ibwera Lachisanu," anatero a Filipo. "Aphunzitsi onse a kumpoto akubwerera kwawo. Inu kwanu ndi ku Rumphi."

Gresham ankadziwa kuti tsikuli lidzafika. Chiyambire ubwana wake, munthu akamufunsa kwawo ankayankha mmene aliyense amayankhira, kutchula mudzi wa bambo ake ndi mfumu yake. Koma ku Rumphiko anapondako kamodzi kokha, pamaliro a azakhali, ndipo anthu ankaseka Chitumbuka chake.

"A Filipo, inu ndi ine tinkaba limodzi mango kwa Shehe Mohamedi. Nthawi imeneyo ndinkalawira kuchokera ku Rumphi?"

"Musandiike m'mavuto, achimwene. Mawuwa si anga."

"Komatu atuluka pakamwa panu."

A Swaibu anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. "Pitani, a Gresham. Ntchito mukaipeza komweko. Mukakana ndiye kuti choko mwasiya lero, ndipo zinazo mukuzidziwa nokha." Anaponya maso kumsewu kumene kumadutsa galimoto ya apayoniya.

Gresham anatsitsa mapu aja n'kutola choko. Anajambula gombe la nyanja, kenako msewu, mzikiti, tchalitchi ndi minda ya chinangwa. Kuseri kwa tchalitchi anaikako timitanda tiwiri.

"Ana inu, apa ndi pati?"

"Kumanda," anayankha ana, mawu ali pansi.

"Awa ndi mayi anga. Uyu ndi Dailesi, mkazi wanga. A Filipo, bokosi lake munanyamula nawo. Lole yanuyo ili ndi malo a anthu awiriwa?"

A Filipo anangokonza kolala ya malaya awo.

"Ndiye mukawauze amene akutumaniwo kuti chiwerengero cha anthu a pano sichitsika Lachisanu."

Anaphunzitsabe mpaka belu linalira, alendo aja ali chiimire pakhomo. Potuluka anaika choko m'manja mwa a Swaibu n'kuwathokoza mwaulemu.

Lachisanu lole inaima pasukulu, yodzaza matilesi, njinga, nkhuku ndi ana olira. Gresham anali m'munda umene mayi ake anasiya, akuunda milu ya chinangwa. Khasu anali atalisiya kalekale, moti m'manja munali mutatuluka matuza. Dalaivala analiza hutala kwa nthawi yaitali.

A Filipo anafika m'mphepete mwa munda ali wefuwefu. "Akudikira inu, achimwene."

"Auzeni asawononge dizilo."

"Nanga mudya chiyani?"

"Chimene mumadya inu."

"Akabwera ena aja, ine sindidzakuyankhulirani."

"Sindinakupempheni. Koma musamapondepo apo, ndabzala kale."

A Filipo anachotsa phazi n'kubwerera. Patapita kanthawi injini inalira, lole n'kulowera kumpoto. Gresham anayamba wakhala pansi mpaka phokosolo litazilala. Kenako anamanga kansanza m'manja n'kuyamba mzere wina.