Malonje m'kalasi ya sesta

Ndinkasankha mpunga pakhonde, kamwala kamodzikamodzi, ngati wina wandiuza kuti ndisamalize. Amayi anali atandiyang'ana kawiri. Maganizo anga anali kusukulu.

Aphunzitsi ena, apulofesoli Violeta, atapita kukachira ku Insaca, adiretoli Armindo, mkulu wa sukulu, anabwera kwathu kudzandipempha kuti ndigwirizire kalasi ya sesta, yachisanu ndi chimodzi, mpaka abwerere. Anati popeza ndinamaliza sekondale ndipo ndangokhala, si bwino kuti ana azingosewera. Ndinayankha kuti chabwino, monga ndimayankhira chilichonse. Koma nditayamba, ntchitoyo ndinaikonda kwambiri, ngakhale sindinauze munthu.

Chimene chinkandivuta chinali rezumu, kufotokoza nkhani mwachidule. Ndikawerengera ana nkhani ya m'buku la Chipwitikizi n'kuwauza kuti aifupikitse, ankangoikopera yonse, kuyambira mutu mpaka mawu omaliza. Nditafunsa chifukwa, Safiya, mtsikana wa pabenchi yakutsogolo, anandiyankha mosaopa: "Achemwali, kudula nkhani ya munthu ndi mwano." Adiretoli anali ndi njira yawo: kutenga chiganizo choyamba cha ndime iliyonse, kulemba ndi choko pakwadulu, bolodi la m'kalasi, ana n'kuloweza. Ndinaiyesa. Analowezadi, koma ukafunsa kuti munthu wa m'nkhaniyo ankafuna chiyani, onse ankayang'ana kudenga.

Ndisanamalize mpunga uja, amalume Bashiru anatulukira panjinga kuchokera ku Entre Lagos.

"Salamu alaikumu, eni nyumba!"

Amayi anayala mphasa, ndipo atapatsana moni anafunsa malonje. Amalume sadziwa kufulumira. Anayambira pa kudzuka kwawo, nkhuku yomwe inagona kunja, tayala lomwe linaphwa atangodutsa njanji, wokonza njinga yemwe analibe ulemu, matope a padambo. Pakati pa zonsezo ananena kuti akazi awo atupa miyendo, ndipo akufuna amayi akawathandize kukolola mpunga mbalame zisanaumalize.

Agogo aamuna, omwe makutu anayamba kuwavuta, anasendera pafupi. "Akuti bwanji?"

Amayi anakweza mawu. "Akuti ayenda bwino. Alamu akudwala miyendo, mpunga wacha kumunda, ndiye abwera kudzanditenga."

"Ndi momwemo," anavomera amalume. Sanadandaule kuti nkhuku ndi tayala zasiyidwa. Ine ndinangokhala ndi lichero pamiyendo, nditazindikira kuti zimene achita amayizo ndi rezumu.

Lolemba ndinawerengera ana nkhani ya mtsikana yemwe mbuzi ya kwawo inamuthawa tsiku la msika. Nditamaliza ndinati Athumani akhale mlendo, atipatse malonje a mtsikanayo m'Chichewa, asasiye kanthu. Safiya alandire. Zubairi, wamtali kuposa onse, akhale agogo osamva.

Athumani anaikoka nkhaniyo ngati khoka lodzaza ndi udzu. Atatha, Zubairi anapinda msana n'kugwira khutu.

"Akuti bwanjiii?"

"Akuti mtsikana anavala diresi yofiira, ndiye kunja kunacha bwino..."

"Iwe mdzukulu, ndafunsa zovala ine? Ndifa usanamalize!"

Kalasi yonse inafa ndi kuseka. Safiya analuma mlomo, anaganiza, n'kuyambanso mofuula. "Akuti mbuzi inathawa. Anakaipeza itamangidwa ndi mayi wa tomato chifukwa inamudyera malonda. Ndiye anamuthandiza mayiyo kugulitsa mpaka anaimasula."

"Wasiya zoti ankaopa bambo ake!" wina anakuwa kumbuyo. "Akanapanda kuopa akanangopita kwawo, nkhani n'kuthera pomwepo."

"Nanga tomato ndi wofunika?"

"Popanda tomato mbuzi akanaimangira chiyani, mutu wakowo?"

Anayamba kukangana, ichi tisunge, ichi titaye. Ngakhale ana omwe chibwerere changa ndinali ndisanamve mawu awo anaimirira. Safiya anawonjezera za mantha aja, ndipo ine ndinatembenuka n'kuyamba kulemba mawu ake pakwadulu m'Chipwitikizi. Ndili pa mzere wachiwiri, phokoso linazima. Adiretoli anali ataima pakhomo.

"Hajira, kodi muno ndi padoko pogulitsira nsomba?"

Ndinayang'ana pansi.

"Mayeso a sesta amabwera m'Chipwitikizi. Palibe adzafunse malonje." Anatulutsa pepala m'thumba la malaya. "Rezumu ya nkhani imeneyi nayi. Fufuta zakozo, ulembe iyi, aloweze. Ngati sungathe, siya choko patebulo uzipita. Anawa ndiwaphatikiza ndi ang'ono awo a kinta pansi pa mango mpaka a Violeta abwere."

Sanali munthu woipa. Ndi iwo omwe anandiphunzitsa ine mu sesta, ndipo ana ambiri anakhoza m'manja mwawo. Ndinkadziwanso kuti sakunena zocheza. Pansi pa mango paja panali kale ana ochuluka, okhala kumbuyo samva n'komwe zimene akuphunzitsidwa. Mawu oti chabwino anali atafika kale pakamwa panga. Ndinalandira pepalalo n'kuliwerenga. Diresi yofiira inalimo, kucha kwa kunja kunalimo. Zoti mtsikana ankaopa bambo ake munalibe.

Ana onse ankandiyang'ana. Zubairi anali akadali chopinda msana, ataiwala kuwongoka. Ndinawabwezera pepala lija ndi manja awiri.

"Adiretoli, pepani, sindilemba."

Mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri moti adiretoli anapendeketsa mutu kuti amve. Ndinabwereza mokweza.

"Sindilemba. Ine ndinaloweza marezumu anu onse, ndinakhoza, ndipo ndimakuthokozani. Koma nkhani zija sindinazimve. Ana awa lero akanganirana nkhani, aliyense akudziwa chifukwa chake mtsikanayo sanathe kubwerera kwawo. Chipwitikizi tilemba, ndayamba kale, onani pakwadulu. Koma ayambe aimva kaye m'chinenero chawo. Sukulu ndi yanu, choko ndi chanu. Mukafuna kundichotsa, chitengeni nokha m'dzanja langa. Ine sindichisiya patebulo, ndipo zimene wanena Safiya sindifufuta."