Mphanga ya Pansi pa Nyumba Yathu

Boma litatumiza anthu kudzakwirira mgodi wakale, tonse tinati zikomo, ngakhale anachedwa. Zaka makumi awiri maenjewo anali yasa, kumeza mbuzi ndi mipira ya ana. Bambo okha ndi amene sanasangalale. Mumgodimo anatulukamo ndi chifuwa chosatha, nyumba ya zipinda zitatu, ndi ndodo yachitsulo imene ankagogodera miyala kuti amve ngati kuseri kwake kuli mphako.

Injiniya wa boma anali mayi wachitsikana wa chipewa choyera. Anayala mapu paboneti ya galimoto, ife n'kumasuzumira ngati tikutolapo kanthu.

"Mphanga yomaliza ikuthera pamsewu apa," anatero. "Nyumba za tsidya lino zili bwinobwino, sitigwetsa iliyonse."

Mtima wanga unakhala pansi, poti tsidya lino yoyamba ndi yathu. Koma Bambo anakhosomola, ndipo chifuwa chimenecho ndimachidziwa, sichichokera m'mapapo.

"Bambo, chonde," ndinawanong'oneza. "Mapu anena kale, inu musawonjezere."

Koma Bambo anamverapo mwana liti?

"Mayi, pepala lanulo linajambulidwa tisanamalize kukumba. Tinapitirira miyezi isanu, bwana osalemba, ndipo mphangayo si yakuya. Thirakitala yanu ikadutsa apo, mukwirira ndi dalaivala yemwe."

Anayamba kuyenda akugogoda pansi, injiniya pambuyo. Pabwalo pa aneba ndodo inalira ngwe, ngwe. Pabwalo pathu inasintha mawu. Ine ndinalakalaka kuwalanda chitsulocho. Anakankha chitseko, kulowa pabalaza, kusuntha mpando wa malemu Amayi, n'kugogoda pasimenti imene ndinakolopa m'mawa womwewo. Inalira ngati mgolo wopanda madzi.

Injiniya anavula chipewa. "Agogo, mukudziwa kuti ndikalemba zimenezi nyumbayi igwetsedwa? Malo ena tikupatsani, koma sangafanane ndi pano."

"Ndikudziwa," anatero Bambo. "Ndinamanga ndikudziwa, poti malowa palibe ankawafuna. M'mawa uliwonse ana asanadzuke ndimagogoda pano, n'kumvetsera ngati pasintha."

Ine ndinkayesa n'zaukalamba chabe, ndipo kangapo konse ndinawakalipira kuti akuswa simenti. Manyazi anandigwira.

Bambo ananditembenukira. "Makutu ayamba kugontha, mwanangu. Pansipa azimvetsera ndani?"

Ndinakoka mpando, n'kuyamba kutsitsa zithunzi pakhoma.