Kontena ya Nkhomaliro

Magetsi atazima ku fakitale ya sopo, abwana anauza onse kuti aweruke. Mayi wolongedza sopo m'makatoni anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo, kontena yopanda kanthu ili m'chikwama.

Chiwachotsereni ntchito ya udalaivala, amuna ake ndi amene ankaphika, ndipo m'mawa uliwonse ankamuikira mpunga ndi dzira m'kontenamo kuti akadye masana. Chimene bambowo sankadziwa n'chakuti kufakitale kunali kantini yaulere: nyama, tiyi wamkaka, Lachisanu nkhuku. Mayiyo ankachita manyazi kuulula kuti iye akunona mnzake ali pa ulova, ndiye anangotseka pakamwa. Mpungawo ankapatsa mlonda wa pageti, yemwe anazolowera mpaka kumadandaula kuti lero mchere wachepa.

Anawapeza bambowo kukhitchini akumwa madzi otentha m'kapu, opanda masamba, opanda shuga. Mapoto onse anali ovundikira, ouma gwa. Ndi pamene anaona lamba wawo: anali ataboolapo mabowo awiri atsopano ndi msomali.

Atafunsa za nkhomaliro, bambowo anazemba kaye, kenako anavomera kuti mpunga wa m'kontena uja ndi umene unali gawo lawo la masana.

"Wogwira ntchito ndiye azidya, mayi a mwana," anatero akuseka. "Ine ndimangokhala apa kuwerenga malata. Dzira lija linapsa bwino?"

Mayiyo anafuna nthaka itang'ambika. Miyezi itatu yathunthu amuna ake akuswera ndi njala kuti anenepetse mlonda, ndipo zala zakezo zinali zikununkhirabe nyama ya kukantini. Anakhala pansi pakhomo la khitchini n'kuulula zonse, maso ali pa simenti.

Bambowo anazunguza kapu ija m'manja kwa nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamupweteka kwambiri.

"Nanga mlondayo amati ndimaphika bwanji?" anafunsa chapansipansi.

M'mawa mwake bambowo anamupatsa kontena ija monga mwa masiku onse, yotsuka bwino, koma yopepuka. Pageti mlonda anatambasula dzanja, mayiyo anangomupatsa moni.

Masana, anzake a pamzere wa kukantini atamuona akutsegula kontena ija anamuseka kuti kodi tsopano wayamba kuweta galu. Koma iye anakhuthulira mbale yonse m'kontenamo, natseka chivundikiro.

"Ndi cha amuna anga," anatero, onse akumva.