Foda ya Katuli

Nadia ankagwira ntchito ku bungwe lina laling'ono loona za maso, lomwe ofesi yake inali kwa Mponda. Bungwelo linkayenda m'midzi kujambula maso a anthu odwala ng'ala, n'kutumiza zithunzizo kwa madokotala a ku Blantyre. Madokotalawo ankabwera ku Mangochi kamodzi pachaka, ndipo ankachita opaleshoni anthu okhawo amene zithunzi zawo zaoneka.

Pulogalamu yosanja zithunzizo analemba ndi Nadia. Chithunzi chilichonse chinkalowa m'foda ya dera lake, a ku Chowe m'foda ya Chowe, a kwa Katuli m'foda ya Katuli. Panali chinthu chimodzi chimene ankachisamala kwambiri. Makompyuta a mu ofesi anali a Windows, koma seva, kompyuta yaikulu ya madokotala yosungira zithunzizo, inali ya Linux, ndipo ziwirizi sizilemba mofanana njira yosonyeza foda imene fayilo ili. Windows imalekanitsa foda ndi fayilo ndi kamzere kopendekera kumbuyo, pomwe Linux imafuna kopendekera kutsogolo. Choncho Nadia sankalemba kamzereko ndi dzanja. Ankasiyira pulogalamu kuti izisankha yokha.

Lolemba la sabata imene madokotala ankabwera, mndandanda wa odwala unafika. Chowe, anthu makumi atatu. Kwa Mponda, khumi ndi asanu ndi atatu. Katuli, palibe.

Nadia anawerenga kawiri. Anthu a kwa Katuli anawajambula yekha, makumi anayi ndi mmodzi, ndipo anawauza kuti Lachinayi adzasonkhane pasitolo ya pamsika, lole idzawatenga. Analowa mu seva. Zithunzi zonse zinalimo ndithu, koma foda ya Katuli munalibe. Zinangomwazikana panja, chilichonse ndi dzina lalitali lokhala ndi kamzere kopendekera kumbuyo pakati. Linux inatenga njira yonse ngati dzina limodzi. Madokotala atafuna foda ya Katuli sanaipeze, basi anadzaza malo onse ndi anthu a madera ena.

Anatsegula mbiri ya pulogalamu, pamene pamalembedwa aliyense wosintha kanthu. Panali dzina la a Rodgers, mkulu wa ofesi, ndi tsiku limene Nadia anali kumaliro a azakhali ake. Anali atasintha mizere itatu, n'kulembamo kamzere ka Windows ndi dzanja.

A Rodgers anali munthu wonyadira kuti anaphunzira makompyuta kukoleji Nadia asanayambe n'komwe sukulu. Nadia anawapeza akudya mandasi pa desiki.

"Bwana, munasintha pulogalamu ine kulibe?"

"Ndinakonza. Zinthu zako zinali zozungulirazungulira. Pa laputopu yanga zinayenda bwinobwino."

"Pa laputopu yanu inde, koma seva si ya Windows. Anthu a kwa Katuli agwa onse. Tiimbe ku Blantyre tsopano, mwina angatipatseko tsiku limodzi."

A Rodgers anapukuta zala papepala, n'kuyang'ana dzina lawo pa sikirini nthawi yaitali.

"Wauza ndani?"

"Palibe."

"Usaimbe. Ndiimba ndekha."

Sanaimbe. Lachitatu anaitanitsa msonkhano wa onse a mu ofesi, n'kunena kuti pulogalamu ya Nadia yataya odwala. Nadia atayamba kufotokoza za mbiri ya pulogalamu, a Rodgers anamudula pakamwa pomuyeseza kalankhulidwe kake ka Chiyao, mpaka dalaivala anaseka. Keti, mlembi amene ankadya naye limodzi masana, anangoyang'ana pansi.

"Mawa upita nane," anatero a Rodgers. "Walakwira anthu akwanu, ukawauze m'chilankhulo chanu."

Lachinayi anafika kwa Katuli dzuwa litakwera. Anthu anali atakhala kale pakhonde la sitolo ndi pansi pa mtengo wa mango, aliyense ndi kachikwama kake ndi wachibale womugwira dzanja. Ena anali atayenda kuchokera kumalire a dziko. Atamva galimoto anaimirira. Amayi ena analulutira.

A Rodgers anakhalabe m'galimoto, zenera lotsitsa pang'ono.

Nadia anaima pakati pa anthuwo n'kupereka moni. Ananena kuti lole sibwera, ndipo madokotala sawaona chaka chino. Kenako mayi wina wachinyamata, amene anabweretsa amayi ake pa njinga, anafunsa kuti walakwitsa ndani.

Nadia anacheukira ku galimoto. A Rodgers ankamuyang'ana, foni ili m'manja. Nadia anaganiza za ana ake awiri, ndi za ntchito imene anaifunafuna zaka zitatu.

"Ndine," anatero.

Phokoso linabuka. Wina anamutcha wakuba, wina anati agulitsa malo awo kwa anthu a m'tauni. Mayi wa njinga uja anamulavulira pa nsalu yake yakumutu. Koma chimene chinamupweteka kwambiri ndi a Atumani, nkhalamba yosaona maso onse awiri, imene tsiku lojambula inamuuza kuti ikufuna kudzaonanso zilembo za Kurani isanafe. A Atumani anafufuza ndi dzanja mpaka anagwira mkono wake.

"Mwanangu, ndiwe uja unandiyatsira tochi m'maso?"

"Ndine, agogo."

"Unati chithunzi changa chaoneka bwino."

"Chinaoneka bwino."

"Nanga chinapita kuti?"

Nadia anafuna kunena kuti chithunzicho chilipo, sichinapite kulikonse, changokhala kunja kwa foda. Mawuwo sakanathandiza munthu. A Atumani anamusiya mkono pang'onopang'ono, n'kuuza mkazi wawo kuti awatsogolere kunyumba.

Pamenepo ndiye a Rodgers anatsika. Anakweza manja, napepesa m'dzina la bungwe, nalonjeza kuti wolakwayo alangidwa ndipo vutolo alikonza okha. Anthu ena anawagwira chanza. Pobwerera anayatsa wailesi, n'kumaimba nawo nyimbo mpaka pa mlatho wa Shire.

Lachisanu m'mawa a Rodgers anamuuza Nadia kuti akonze pulogalamu asanalongedze zake. Nadia anabwezeretsa mizere yake itatu ija, napanga foda ya Katuli, nalowetsamo zithunzi zonse makumi anayi ndi chimodzi. Ntchito yonseyo sinakwane mphindi khumi. A Rodgers anaima kumbuyo kwake, ndipo atamaliza anati awaonetse mmene amafafanizira mbiri ya pulogalamu.

"Sindidziwa," anatero Nadia.

"Usadandaule, ndipeza wodziwa."

Kalata yomuchotsa ntchito analemba ndi Keti, ndipo anamupatsira pakhomo osamuyang'ana kumaso.

Patapita miyezi isanu, Nadia anali atayamba kuthandiza mlongo wake kugulitsa usipa mumsika wa Mangochi. Tsiku lina mayi wina wa kwa Katuli anaima pa benchi yake, namuzindikira. Anamuuza kuti a Atumani anagwera m'chitsime chosatseka nthawi ya mvula, ndipo anawaika mwezi watha. Ananena zimenezi mokweza kuti oyandikana nawo amve. Kenako anabweza mulu wa usipa umene anali atasankha, n'kukagula pa benchi ina.