Nyumba Yachisanu Kuchokera pa Mjigo

Lamulo la kafukufuku linali losavuta: imani pa mjigo, yendani cha kum'mawa, ndipo nyumba yachisanu iliyonse mulowemo ndi mafunso anu. Osadumpha, osasankha.

Lucious ankaphunzira za umoyo ku koleji ina ku Lilongwe, chaka chomaliza, ndipo kafukufuku wake anali wa zimbudzi za m'midzi. Adasankha mudzi wa Kapelula ati chifukwa kutsekula m'mimba kumavuta kumeneko dzinja lililonse. Zoona ndithu, koma tisaname, kunalinso kwawo kwa mkazi wake Feliya, ndipo pogona panali paulere.

Lachinayi la sabata yachiwiri adawerenga nyumba monga mwa masiku onse. Yachisanu inali ya a Nankhoma, apongozi ake. Adabwerera nkuwerenganso. Adayesa kuwerengera khola la mbuzi ngati nyumba, koma chikumbumtima chidakana.

Zaka ziwiri za ukwati, iye ndi a Nankhoma anali asanayang'anizanepo kumaso. Akakumana panjira, mayiwo ankapatukira m'chimanga, iye nkunjuta potero, moni nkumaponyerana chapatali. Ndiye lero akawafunse kumene amadzithandizira?

Adakhala pansi pa mtengo wa mango, foni ya mafunso ili m'manja. Mayankho ankawadziwa kale. Chimbudzi cha pakhomopo ankalowamo yekha m'mawa uliwonse: chofolera bwino, chivindikiro chilipo, mpondagiya wosambira m'manja ali panja. Kungodina inde, inde, inde, ndani akanadziwa? Koma mnzake wina adabwereza chaka chifukwa chodzaza mafomu pansi pa mtengo ngati womwewu, ndipo digiri ya Lucious inali italowa kale m'mapemphero a mabanja awiri. Adaimbira Feliya, amene adatsala ku Lilongwe.

Feliya adaseka mpaka kutsokomola. "Ophunzira inu, lero mwakumana nazo! Dikirani ndilankhule nawo."

Yankho lidabwera posachedwa: apite ku chigafa.

Unali mwezi wa Malichi, fodya wa bale atadzaza chigafa chonse, masamba ali lendelende kutsala pang'ono kukhudza pansi. A Nankhoma adakhala tsidya lina la masambawo akusoka fodya. Lucious adanjuta tsidya lino. Ankangoona mapazi awo ndi m'mphepete mwa chitenje, ndipo mumtima adathokoza Mulungu chifukwa cha fodya, mbewu imene m'kalasi ankaitukwana.

"Amayi, pepani, ndi za sukulu. Muli ndi ufulu wokana."

"Funsani, bambo. Tikakana ife, akuyankhani ndani?"

Zidayenda bwino. Anthu angati pakhomo, madzi amatunga kuti, chimbudzi chilipo. Thukuta lidayamba kuuma. Kenako adafika pa funso la khumi ndi chiwiri, chala chili kale pamwamba pa inde.

"M'masiku asanu ndi awiri apitawa, mwagwiritsa ntchito chimbudzi nthawi zonse?"

Kusoka kudaima.

"Ayi, bambo."

Lucious adayesa kuti sadamve bwino. "Chagumuka kapena?"

"Chili bwinobwino. Kodi inu mudafika liti kuno?"

"Lolemba la sabata yatha."

"Ndiye lembani kuyambira Lolembalo. Ine ndimapita kuthengo, kuseri kwa dimba." Adaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wofuna kupeputsa nkhani. "Ine ndilowe m'mene mwatuluka inu? Nanga tikakumana pakhomo pake? Si ndingafe ndi manyazi?"

Manyaziwo adagwira Lucious. Kudimba kunali kutali, njira yake yamatope, ndipo mayiwo bondo linkawavuta. Masiku khumi onse iye ankatuluka m'chimbudzimo akuimba likhweru, nkumayamikira m'kope lake ukhondo wa pakhomo pa apongozi.

"Musadandaule, bambo, si ine ndekha," adapitiriza a Nankhoma, ulusi ukuyendanso. "Ine mpaka ndi bwino, inu mumabwerera ku Lilongwe. A Naphiri kumtundaku mkamwini wawo adamanga nyumba pomwepo, chaka chachisanu ichi. A zaumoyo akabwera amawerenga zimbudzi, nkulemba, nkumapita. Palibe adafunsapo kuti amalowamo ndani."

Apo manyazi adasakanikirana ndi chimwemwe, pakuti wophunzira ndi wophunzira basi. Mudzi umene mapepala ankati uli ndi chimbudzi pafupifupi nyumba iliyonse, koma nkumadwalabe, unali utayamba kumveka. Adadina ayi, nkulemba mawu a mayiwo momwe adawanenera, popanda dzina. Adaimbira aphunzitsi ake kupempha kuwonjezera funso limodzi, loti m'chimbudzi amalowamo ndani, ndipo iwo adamuuza abwererenso ku nyumba zonse zimene adadutsa kale. Sadadandaule n'komwe.

Masana omwewo adabwereka piki ndi fosholo kwa aneba. Adayeza malo kuseri kwa nkhokwe, kutali ndithu ndi chimbudzi chakale, nkuyamba kukumba. Manja ozolowera foni adatuluka matuza dzenje lisanafike m'mawondo, ndipo odutsa ankaima kuonerera mkamwini wa ku koleji akulimbana ndi katondo.

Ataweramuka kuti apume, adapeza chikho cha thobwa chitaikidwa pa chitsa. A Nankhoma adali atanjuta chapatali, nkhope ataloza kumunda.

"Zikomo, bambo," adatero. "Koma khomo lake liyang'ane uko."