Mbuzi ya Umboni

Wakabaza anamutsitsa Getrude mdima utagwa kale. Kupyola Nsaru, kupyola minda ya fodya, mpaka pa kapolisi kakang'ono komwe anali asanafikeko. Fumbi m'maso, fumbi m'mano. Iye anali sajeni woimira boma pa milandu, mwana wa ku Kawale. Chomwe anadzera chinali chimodzi: mbuzi yakuda, yobedwa kwa mayi wina wamasiye, yosungidwa pano ngati umboni. Mawa mlandu unkalowa m'khoti komaliza. A majisitireti anali atanena kale kuti popanda mbuziyo, wakubayo azipita kwawo.

Pakhonde panaima mkulu wa pamalopo, Sabu Inspekitala Stephano. Mimba patsogolo, ndodo m'khwapa.

"Mwafika a kulikulu. Tinamva kuti kukubwera munthu."

"Bwana, ine ndadzatenga..."

"Ntchito ndi mawa, mayi. Pano mlendo sayankhula ndi njala."

Sajeni sadula mawu a bwana. Getrude anaonanso msanga kuti bwanawa akhala akudikira kukwezedwa kwa zaka, moti aliyense wochokera m'tauni amamuyesa wadza ndi nyota yoti awaveke paphewa.

Anamukhazika pansi pa mtengo wa mango. Mpunga, nyama yootcha, chiwindi, matumbo okulunga bwino. Apolisi awiri, Aubrey ndi Nelia, ankangoperekera mbale, osalawa. Bwana ankalankhula. Za mbava zomwe anagwira okha ndi manja. Za ansanje omwe amawatsekera njira. Getrude ankagwedeza mutu, nkumadya. Anawonjezeranso.

Atasamba m'manja anayesanso.

"Bwana, mundilole ndione mbuzi ya mlandu wa mawa. Ndinyamuka nayo m'mamawa."

Nelia anatsokomola. Aubrey anayamba kuyang'ana nsapato zake.

"Mbuzi iti?" anafunsa bwana.

"Yakuda. Yoduka khutu."

Bwana anatembenukira kwa Aubrey pang'onopang'ono.

"Iwe, ndinati uphe iti?"

"Munati yomwe ili kuseri, bwana."

"Yanga ija, eti?"

"Yanu amayi akunyumba kwanu anapita nayo ku chinkhoswe cha achimwene awo, bwana. Kuseri kunatsala imodzi."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndinayamba kunena, bwana. Munati lamulo silifunsidwa, limangochitidwa."

"Nanga iwe Nelia?"

"Ine ndinangosenda anyezi, bwana."

Getrude anagwira pamimba. Umboni wa boma unali m'menemo, ndi chiwindi chomwe.

"Tigula ina yakuda," anatero bwana. "Mbuzi ndi mbuzi."

"Mwini wake amaidziwa ngati mwana wobala yekha, bwana. Kodi chikopa chilipo?"

"Chili padenga la selo," anatero Aubrey. "Ndi mutu womwe."

"Ndiye mlandu sunafe. Khutu lodukalo alizindikira. Koma pafunika munthu woti akaime m'bokosi la mboni, afotokoze mmene mbuzi inasandukira chikopa."

Bwana analoza Aubrey ndi ndodo. "Upita iwe."

Getrude anadziwa kuti mnyamatayu akakaima yekha, adzanjenjemera, mlandu nkugwa, ntchito yake nayo nkuthera pomwepo. Koma bwana satsutsidwa. Amangofunika kuwakweza pamwamba, nkuwasiya.

"Mwaganiza bwino, bwana," anatero. "Mwayi wake Aubrey. Mawa khoti lidzadzaza. Mwina ndi akuluakulu a kuchigawo adzakhalapo. Dzina lake lidzamveka patali ndithu."

Za akuluakuluwo anangozipeka. Bwana anakanda chibwano.

"Mwana ameneyu sadziwa kuyankhula pagulu. Angatichititse manyazi. Ndipita ndekha. Ndikawauza kuti ndinaona mbuziyo ikufuna kuthawa, ndiye ndinachitapo kanthu msanga."

"Nzeru zimenezo, bwana," anatero Nelia, nkhope ili gwa.

Kutangocha, akabaza awiri anali atafika. Bwana anatuluka yunifolomu itasitidwa mpaka mizere yakuthwa. Anakwera, Aubrey nkuwaikira thumba la chikopa pamiyendo. Ntchentche zinafika nthawi yomweyo. Getrude anali atakonza kale funso lake loyamba la m'khoti: kodi mayi wamasiyeyu mbuzi yamoyo amubwezera ndani?

Injini zitalira, bwana anaweramira kwa iye.

"Mayi, zoti ndani anadya zingati, tisakazitchule kumeneko."

"Ine ntchito yanga ndi kufunsa chabe, bwana," anatero Getrude, akukwera. "Oyankha ndinu."