Fyuluta ya Apongozi

Vani ya apongozi anga aamuna inayamba kumwa petulo mopanda manyazi. Woiyendetsa ndine, ndimaperekera buledi m'magolosale, ndiye mukudziwa kale amene analozedwa chala. Apongozi ankangoti, "Galimoto siiba yokha," uku akuyang'ana kudenga. Mkazi wanga naye anayamba kumandinunkhiza manja ndikafika. Zinandiwawa, sindinama. Mapeto ake apongozi anagamula kuti Loweruka ndibweze makiyi, chonsecho makiyiwo ndiye ntchito yanga yonse.

Ndinawachonderera kuti tiyambe tapita kugalaja. Anavomera monyinyirika. Amayi, akazi awo, anakwera nawo, ati akaonerere wakuba akugwidwa.

Makaniko anati ndilize injini. Kumbuyo kunatuluka chiutsi chakuda bii, amayi mpaka kutsokomola. Makanikoyo anapisa chala mu ekizozi, chinatuluka ndi mwaye. Anamasula pulagi imodzi, nayo yakuda ngati kunsi kwa poto.

"Petuloyu palibe akumuba, bambo," anatero makaniko. "Injini ikulandira petulo wambiri, mpweya wochepa. Ikubanika."

"Waibanikitsa ndani?" anafunsa apongozi, diso lili pa ine.

Makaniko anatukula mpando, poti injini ya vaniyi ili pansi pake, n'kutsegula chibokosi cha fyuluta ya mpweya. Anangoti kukamwa yasa! Fyuluta inali yatsopano, yoyera mbee, itakulungidwa bwinobwino m'pepala lapulasitiki la buledi wathu, mphira atamanga kawiri. Wina anali atabowolamo timabowo ndi msomali, mwaulemu ndithu, kuti ipumeko.

Ine ndinadziwa pompo. M'banja mwathu alipo mmodzi yekha amene mipando ya pabalaza sanaivule mapulasitiki chiigulireni, amene ngakhale wailesi amaifunditsa nsalu.

"Tabwerani mudzaone kuno!" makaniko anaitana anzake. "Fyuluta aiveka malaya amvula!"

Galaja yonse inafa nacho chiseko. Wina mpaka anakhala pansi pa tayala, akupukuta misozi ndi chinsanza cha oilo.

"Kodi chitsiru chachita zimenezi ndani?" anafunsa amayi.

Ndinacheukira apongozi. Mdala anali atavula chipewa, akuchipotokola. Abale, ndinkafuna ndithu ndiwaone akuyaluka, koma chisoni chinandigwira.

"Ndine, amayi. Ndimaopa fumbi."

"Mayo ine! Mwana wanga anakwatiwa ndi chiyani kodi?"

Pobwerera vani inkachita kuuluka, utsi osaoneka. Amayi anandinyogodola njira yonse. Titafika pageti apongozi anadikira kuti akazi awo atsike, kenako anandigwira pamkono.

"Makiyiwo sungani, akamwini." Anatsitsa mawu. "Nkhaniyi tifa nayo awiri."

Kunyumba tsopano sindinenso wakuba, ndine chitsiru. Alendo akabwera amayi amaiyamba nkhani ya fyuluta, ndipo apongozi ndi amene amaseka mokweza kuposa onse, koma kumaso sandiyang'ana.